Wosewera watsopano naye ndi mlendo

Ku Torwood, m'tauni ya Redcliff kufupi ndi Kwekwe, makolo ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anafika ali alendo. Anadzagwira ntchito kufakitale ya zitsulo yomwe inadzatchedwa Ziscosteel, imene inaima mu 2008. Anakhazikika chifukwa anzawo anawalandira. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva achinyamata akutukwana wosewera watsopano pamasewera a pafoni a PUBG Mobile kapena Free Fire, poti naye ndi mlendo.

Nkhanzazi zili ndi gwero lake. Mu PUBG Mobile, yomwe inatuluka mu 2018, anthu okwana 100 amalimbana, kawirikawiri m'magulu a anayianayi. Gulu likagonja msanga, mapointi amatsika, data yogula movutikira yapita, ndiye mkwiyo wonse umagwera uja wosadziwa mapu. Poti sakuonana nkhope, pakamwa pamalakwa msanga.

Komatu wonyozedwa sabweranso, ndipo osewera akachepa, otsalawo amadikira nthawi yaitali kuti apeze osewera nawo. Ndikupempha akatswiri: yambani ndi watsopanoyo pamasewera osawerengera mapointi, muonetseni potera ndi pobisala, mugawireni zida. Wotukwana mutsekeni mawu n'kumuneneza pa batani la report. Luso limakula munthu akapatsidwa mpata wolakwitsa popanda kunyozedwa.