Chigodola cha nkhumba chimalowa m'khola ndi mapazi a munthu

Mukamva kuti nkhumba zayamba kufa m'mudzi woyandikana nawo, musathamangire kugolosale kukagula mankhwala. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, ndipo kuno kwathu kulibe katemera wake. Jakisoni wa mtundu uliwonse amene wina angakugulitseni ponena kuti achiza matendawa ndi kungotaya ndalama. Chikalowa m'khola chimatha kupha nkhumba zonse m'sabata imodzi kapena ziwiri, kuyambira tiana mpaka make. Chomwe mlimi angachite ndi kuchitsekera kunja basi, ndipo kuti mutero muyenera kudziwa njira zomwe chimadzera.

Ambiri amati matendawa amabwera ndi mphepo. Zoona zake n'zakuti kachilombo ka chigodola sikauluka mtunda wautali. Kamakhala m'magazi, m'malovu, mu ndowe ndi mu nyama ya nkhumba yodwala, ndipo kuti kachoke khola lina kufika khola lina pamafunika woti akanyamule. Nthawi zambiri wonyamulayo amakhala munthu.

Taganizirani za wogula nkhumba uja amene amayenda panjinga m'mamawa. Asanafike kwa inu wadutsa kale makola anayi kapena asanu. Walowa, wagwira nkhumba, waponda ndowe. Chingwe chomangira nkhumba ndi chomwecho, thumba la pakaliyala ndi lomwelo, mpeni ndi womwewo. Akafika pakhomo panu mumamulandira bwino, n'kumutsegulira khola kuti asankhe yekha. Wogula alibe chifukwa cholowera m'khola. Aone nkhumba ali kunja kwa mpanda, ndipo mukamvana mtengo muitulutse nokha, mukam'patsire kutali ndi khola. Nkhumba yomwe yatuluka kupita kumsika isabwererenso m'khola ngakhale malonda atakanika.

Njira yachiwiri, yomwe ndi yoopsa kuposa zonse, ndi nyama. Kachilomboka n'kolimba modabwitsa. Mu nyama yaiwisi kamakhala masabata angapo, mu nyama yowamba kapena yothira mchere kamatha miyezi, ndipo mufiriji yowumitsa kamatha zaka. Chigodola sichigwira munthu, n'chifukwa chake anthu amadya nyama ya nkhumba yodwala osaona vuto. Vuto limabwera pambuyo pake. Mwagula nyama pamsika, mayi aitsuka m'beseni, madzi a magazi aja akhuthulidwa paseli pomwe nkhumba zimafukula. Kapena mwana watenga mafupa ndi makombo n'kukaponya m'khola. Galu naye amakoka fupa kuchokera pachiwaya cha kanyenya kudzalisiya pafupi ndi khola lanu.

Kuti muone kuti nyama imayenda mtunda wotani, matendawa adayamba kulembedwa ku Kenya m'chaka cha 1921, ndipo kwa zaka zambiri ankadziwika ngati vuto la ku Africa. M'chaka cha 2007 adafika ku Georgia, dziko la m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti adalowa kudzera m'zakudya zotsala za m'sitima ya pamadzi zomwe nkhumba zidadya. Mtundu wa kachilombo womwe udapezeka kumeneko ndi wofanana ndi wa kuno kummwera chakummawa kwa Africa. Kuchoka apo matendawa adafalikira ku Russia ndi mayiko a ku Ulaya, ndipo mu 2018 adalowa ku China, komwe kunali pafupifupi theka la nkhumba za dziko lonse lapansi. Nkhumba mamiliyoni zidafa kapena kuphedwa. Ngati makombo adawoloka nyanja, sangalephere kuwoloka dambo la pakati pa mudzi wanu ndi msika.

Choncho ngati mumatola zakudya zotsala m'malesitilanti, m'sukulu zogonera pomwepo kapena pa ukwati, muziwiritse zibwadamuke kwa mphindi zosachepera 30, mukutakasa, kenako zizizire musanapereke. Ngati nkhuni zakuvutani, ndi bwino kungozisiya n'kudalira madeya, masamba ndi zotsala za kumunda. Ndipo pakhomo pomwe pali khola la nkhumba, nyama ya nkhumba yogula kwina isamafikepo nthawi ya mliri. Achibale angakuoneni ngati ovuta, koma si iwo adzalipire ana sukulu khola likatha.

Palinso nkhani ya kutayirira. Tikakolola, ambiri timatsegula makola kuti nkhumba zikadzisakire zokha chakudya, poti madeya amadula. Nkhumba za mudzi wonse zimakumana kudambo ndi kudzala, zimadya chilichonse, kuphatikizapo mitembo ya zinzawo yotayidwa patchire. Imodzi ikadwala, zonse zatenga. Kumadera oyandikana ndi nkhalango zimathanso kuyenda malo omwe mumakhala njiri ndi nguluwe, nyama zomwe zimasunga kachilomboka koma osadwala. Nkhumba izikhala m'khola chaka chonse. Zimenezi zikutanthauza kugula ndi kusunga madeya pa nthawi yokolola, mtengo usanakwere.

Kubwerekana nkhumba yamphongo ndi chikhalidwe chabwino cha pachinansi, koma mphongo yomwe imazungulira makola a mudzi wonse ndi mlatho wa matenda. Nkhumba ikatenga kachilomboka pamatha masiku 4 mpaka 19 isanaonetse zizindikiro, kotero yooneka yathanzi lero ikhoza kukhala itatenga kale. N'chimodzimodzi ndi nkhumba yatsopano yomwe mwagula. Ikhale payokha, m'kakhola kapadera kotalikirana ndi zinzake, kwa masiku 30. Muziidyetsa pomaliza, ndi ziwiya zakezake. Ndipo musagule nkhumba chifukwa yatchipa modabwitsa. Funsani kaye chomwe mwini wake akuithamangitsira.

Alimi a m'chigawo chapakati, makamaka ku Mchinji ndi maboma oyandikana nawo, ali ndi mdani wina: nkhufi. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 adapeza kachilombo ka chigodola mu nkhufi za m'makola a ku Mchinji. Nkhufi zimabisala m'ming'alu ya zipupa zadothi ndi m'makungwa a mitengo yomangira khola, zimatuluka usiku kudzayamwa magazi, n'kubwerera. Zimatha kukhala zaka osadya, kachilombo kali m'thupi. Apa m'pomwe pamachokera dandaulo loti khola lakutilakuti lili ndi tsoka, nkhumba iliyonse yolowamo imafa. Matani ming'alu, sendani makungwa pa mitengo yomangira, ndipo ngati khola lakale ladothi lidafapo nkhumba ndi chigodola ndipo muli nkhufi, liwotcheni mumange lina pamalo ena.

Zotsalazo n'zosavuta. Khola likhale ndi mpanda wachiwiri woti galu, nkhumba ya eni ndi mlendo asafike pafupi. Wodyetsa akhale mmodzi, wokhala ndi nsapato ndi chovala cha kukhola kokha. Pakhomo pakhale beseni la madzi a jiki, koma kumbukirani kuti jiki sagwira ntchito pa nsapato yamatope. Yambani mwaichapa ndi burashi ndi sopo, ndipo madziwo muziwasintha tsiku ndi tsiku. Wodyetsayo asamapite kukathandiza kupha nkhumba kwa anzake.

Tsono zikavuta, muzindikira bwanji? Nkhumba imatentha thupi, imasiya kudya, imafooka miyendo, ndipo zingapo zimaunjikana pamodzi. Pa nkhumba yoyera mumaona kufiira kapena kuderako m'makutu, kumimba ndi m'miyendo. Zina zimasanza, kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo zabere zimataya. Zikayamba kufa motsatizana, pamabwera yesero lalikulu: kupha zotsalazo msanga n'kugulitsa nyama, kapena kuzitumiza usiku kwa achibale mudzi wina. Ndalama yochepa mupezadi, koma mliri wambiri umakula pa tsiku limeneli, chifukwa nyama ija imabalalika m'makomo makumi angapo, ndipo ambiri mwa makomowo ali ndi nkhumba.

Dziwitsani mlangizi wa ziweto ndi amfumu tsiku lomwelo. Mlangizi ndiye angatenge magazi kapena ziwalo kuti zikayezedwe ku labotale ya ziweto ya ku Bwemba mu mzinda wa Lilongwe, inu musatumbule nokha. Boma likaletsa kuyendetsa ndi kugulitsa nkhumba m'dera lanu, mverani. Mitembo muiwotche kapena muikwirire m'dzenje lakuya mamita awiri, kutali ndi chitsime, kuti agalu asafukule, ndipo osaiponya mumtsinje. Khola lasimenti mulikolope, muthire mankhwala, likhale lopanda kanthu masiku osachepera 40. Poyambiranso ikanimo nkhumba imodzi kapena ziwiri zokha, muziyang'anire kwa mwezi ndi theka musanagule zina.