Amisiri a Mapulogalamu a Mafoni pa Golomoti

Pa Golomoti, pamene msewu wa M5 wochokera ku Salima kulowera ku Balaka umakumana ndi msewu wa ku Monkey Bay komanso wokwera chitunda cha Khwekhwerere, pali achinyamata amene amapeza chakudya pokonza mapulogalamu a mafoni, ndiko kuti malangizo osaoneka amene amayendetsa foniyo. Ntchito yawo ndi yosiyana ndi ya wosintha sikirini kapena batire, ngakhale kuti nthawi zambiri munthu mmodzi amagwira zonse ziwiri, n'kuwonjezerapo kutchajitsa mafoni ndi kubena, komwe ndi kuika nyimbo ndi mafilimu mu memori khadi.

Gwero la ntchitoyi ndi lakuti mapulogalamu amasinthidwa kawirikawiri ndi eni ake kumaiko akutali, pamene anthu a ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka amakhala ndi foni imodzi zaka zambiri, kawirikawiri ya Itel kapena Tecno, yomwe malo ake osungiramo zinthu ndi ochepa. Mwachitsanzo, mu October 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android akale osafika pa 5.0, ndipo aliyense amene anali ndi foni yotere anasowa njira imeneyi yolankhulirana ndi abale ake a ku Joni. Kuapudeta, komwe ndi kuika mtundu watsopano wa pulogalamu m'malo mwa wakale, kumadya bandulo yambiri, choncho mmisiri amatsitsa pulogalamuyo kamodzi pa netiweki ya Airtel kapena TNM, n'kumaigawira makasitomala kudzera pa chingwe kapena Xender. Foni ikakhala yofooka, amasankha mapulogalamu opepuka monga Facebook Lite, imene inatuluka mu 2015, kapena Opera Mini, imene imachepetsa masamba a pa intaneti asanafike pa foni kuti bandulo isathe msanga.

Ntchito yofuna luso kwambiri ndi kufulasha, kutanthauza kufafaniza zonse za m'foni n'kuikamo pulogalamu yoyendetsera yatsopano, ndipo kumachitika foni ikamangoima pa chizindikiro cha kampani osapitirira, kapena mwini wake akaiwala pasiwedi. Mmisiri amalumikiza foniyo ku laputopu, amasankha fayilo yogwirizana ndendende ndi mtundu wa foniyo, chifukwa fayilo yolakwika ikhoza kuipheratu, ndipo asanayambe amachenjeza mwini wake kuti zithunzi ndi manambala osasungidwa mu simu khadi zitayika. Wochenjera amayamba wafunsa lisiti kapena bokosi la foni, popeza mbala nazonso zimafuna kufulasha mafoni kuti zikagulitse, ndipo wothandiza mbala amakayankha mlandu ku polisi.

Ambiri amaphunzira ntchitoyi pokhala pambali pa mmisiri wakale ndi kuonera mavidiyo a pa YouTube. Zipangizo amakazigula ku Lilongwe kapena ku Limbe, ndipo mitengo yake inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama zimayenda bwino pa tsiku la msika ndi pa nyengo yokolola, pamene m'miyezi ya njala ambiri amakonzetsa pa ngongole. Ngakhale kuti malo opangira magetsi a dzuwa a Golomoti Solar, a mamegawati 20, anayamba kugwira ntchito mu 2022, magetsiwo amalowa m'mawaya a ESCOM a dziko lonse, ndipo midzi yambiri yozungulira imadalirabe kutchajitsa pa msika. Obena nyimbo amafunikanso chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso.

Chuma chenicheni cha mmisiri ndi kukhulupirika, chifukwa makasitomala ambiri, makamaka achikulire amene amavutika kuwerenga Chingerezi cha m'foni, amamusiyira pasiwedi, ndipo iye amatha kuona mauthenga, zithunzi ndi ndalama za mu Airtel Money kapena Mpamba. Pa malo aang'ono ngati Golomoti, amene waulula chinsinsi cha kasitomala mmodzi amathawidwa ndi mudzi wonse, ngakhale luso lake litaposa la anzake.