Tsiku limodzi ku Muizenberg: kuno si ku Senga Bay

Nditapita ku Cape Town kukaona achemwali, Loweruka tinakwera sitima kulowera ku Muizenberg, ulendo wosakwana ola limodzi. Kuchokera pamenepo njanji imatsata gombe mpaka ku Simon's Town, moti mafunde mumawaonera pawindo.

Ine mwana wa ku Salima ndinkadziona ngati katswiri wosambira. Titangotsika, ndinasiya pomwe panadzaza anthu nkukalowa m'madzi pandekha. Abale inu! Madzi ake ozizira, amchere, ndipo posakhalitsa ndinamva akundikokera kwakuya. Mnyamata wopulumutsa anthu ndiye anandivuula, achemwali akulira pamchenga.

Anandilangiza zomwe nanunso muyenera kudziwa: sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, chifukwa mpomwe iwo amayang'anira. Madzi akakukokani musalimbane nawo. Kwezani dzanja, kapena sambirani chopingasa motsata gombe mpaka akusiyeni.

Masana tinatsikira ku Kalk Bay nkudya nsomba ndi tchipisi padoko, ine manja akunjenjemerabe.

Ulendowu umatheka tsiku limodzi, ana omwe. Koma funsiranitu nthawi ya sitima yomaliza, ndipo ukatswiri wakunyanja kwathu muusiye kunyumba.