Chiwerengero cha malova chikusiya kunja odwala

Boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja mu Januwale 2025, ena mwa oyamba kukhala pakhomo kuno kwathu anali ogwira ntchito zaumoyo m'mapulojekiti a HIV ndi TB. Mabanja awo anataya malipiro, ndipo odwala amene ankawayendera m'midzi anasowa owatsatira.

Koma mukaona ziwerengero za ulova, mavuto otere saonekamo. Muyezo wa International Labour Organization umati aliyense amene wagwira ntchito yolipidwa, ngakhale ola limodzi lokha pa sabata yakafukufukuyo, ali pantchito. Mayi amene wachapa zovala kwa anthu Lachiwiri m'mawa basi, ali pantchito. Mnyamata wa kabaza amene wanyamula anthu awiri sabata yonse, ali pantchito. Kuti munthu alembedwe kuti ndi lova, ayenera kukhala wopanda ntchito, woifunafuna, komanso wokonzeka kuiyamba. Ndiye bambo amene TB yamugoneka pamphasa, wolephera kukweza khasu, m'kaundula wa malova mulibe. N'chifukwa chake malova amaoneka ochepa, pomwe kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019/20 anapeza kuti anthu 50.7 mwa 100 alionse ndi osauka.

Chokwiyitsa n'chakuti alipobe anthu, ophunzira ndithu, amene amati osauka alibe chodandaula poti chipatala cha boma n'chaulere. Chaulere chake chiti? Minibasi siyaulere. Mankhwala a BP kapena a shuga akatha, wodwala amapatsidwa kapepala koti akagule yekha, ndipo mitengo ya mankhwala ochokera kunja inakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kumadera ena chipatala chapafupi n'cha mishoni, cha bungwe la CHAM, komwe pamafunika kulipira. Waganyu alibe tchuthi cha odwala: tsiku limene waima pamzere ndi tsiku limene kunyumba kulibe ufa. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi 6, ndipo m'miyezi imeneyi mbuzi zimagulitsidwa, katapila amakongoledwa, mpaka njinga imene inali kudyetsa banja imapita. Munthu amachira, koma ntchito yobwererako palibe.

Amene watsokomola kupitirira masabata awiri akayezetse msanga. Mankhwala a TB ndi ma ARV salipiritsa, choncho asalekezedwe panjira. Ndipo okonza bajeti ya zaumoyo asiye kudzitonthoza ndi chiwerengero cha malova. Afunse kuti ndi mabanja angati amene asauka chifukwa munthu mmodzi anadwala.