Wosapemphera adzamuika ndani? Nkhani ya Mulungu ku Petauke ndi ku Nyimba

Basi ya kum'mawa isananyamuke pa Intercity mu Lusaka, kawirikawiri mumakwera mlaliki, Baibulo lili m'manja. Amapempherera dalaivala, matayala ndi zokhota za m'mapiri a Manenekela, ndipo pafupifupi aliyense amawerama. Pofika pa Nyimba, pomwe amayi amathamangira kumazenera ndi mabeseni a nthochi, pempherolo laiwalika kale. Koma mwa onse amene anawerama aja, ndi angati anachita zimenezo chifukwa chokhulupirira, ndipo ndi angati anangoopa kukhala maso tong'o anzawo atatsinzina?

Kuno mlendo akapatsidwa mpando ndi madzi, amafunsidwa kwawo, mwina ndi mtundu wake, kenako n'kubwera funso lija: "Mumapemphera kuti?" Funsoli silipereka mpata woti mwina munthuyo sapemphera n'komwe. Akayankha kuti sapita kutchalitchi, anthu amamvetsa mwa njira yawo: mowa unamugwira, kapena anamudula mumpingo atakwatira mitala, kapena ndi ulesi chabe. Zonsezi n'zokhululukika. Chimene sichilowa m'khutu ndi munthu wabwinobwino, wosaledzera, wolima munda wake, kunena kuti iye sakhulupirira kuti Mulungu alipo. Ameneyo ena amuyesa wamisala, ena wa Satana.

Sizodabwitsa. Kalembera wa 2010 anapeza kuti anthu oposa 95 pa 100 alionse mu Zambia ndi Akhristu, ndipo osakwana awiri pa 100 ndiwo anati alibe chipembedzo. Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, mawuwo n'kulowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko mu 1996. Pulezidenti Edgar Lungu, yemwe makolo ake ndi a ku Petauke konkuno, anaonjezera moto: mu 2015 anakhazikitsa 18 October kukhala tsiku la mapemphero ndi kusala kudya, ndipo mu 2016 anapanga unduna woona za chipembedzo, womwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anauthetsa mu 2021. Malamulo aakulu aja amateteza ufulu wa munthu kukhulupirira zimene mtima wake wafuna. Pepala limatero. Kumudzi pepala silitunga madzi.

Chimene ambiri timaiwala n'chakuti matchalitchiwa ndi a dzana. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika pa Nyanje mu 1905 ndi pa Hofmeyr, m'dera la Nyimba, mu 1914. Ansembe Achikatolika anatsegula Minga mu 1923. Dzina la Mulungu analipeza kale pakamwa pa Ansenga, sanabwere nalo. Chomwe anabwera nacho, kuphatikiza pa sukulu ndi chipatala, ndi chizolowezi chofunsa. Iwo ndiwo anaimirira pamaso pa agogo athu n'kunena kuti mizimu imene mumaithirira ufa ndi mowa siimva, ndi mafano chabe, umboni wake uli kuti? Kunena mosapsatira, aphunzitsi oyamba a kukayika m'dera lino anali amishoni. Mdzukulu wa lero, amene wawerenga za sayansi kusekondale n'kuona mikangano pa Facebook, akafunsa abusa funso lomwelo, wangotola khasu limene iwo anasiya.

Ndipo mizimu ija sinathawe. Chaka ndi chaka mu October, dzuwa likuswa mtengo, Ansenga amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba kukathokoza makolo ndi kupempha mvula. Ambiri mwa ovina pabwalopo Lamulungu lotsatira amakhala m'kwaya. Palibe amene amagona tulo tochepa chifukwa cha zimenezi. Anthu akwathu anazolowera kusenza zikhulupiriro ziwiri pamutu umodzi. Wopanda ngakhale chimodzi ndiye amawadodometsa.

Mvulayo ndi imene inautsanso nkhaniyi. Mu January ndi February 2024 kumwamba kunauma chimanga chili pafupi kumasula. Mipingo inasala kudya, inagwada, inachezera usiku. Pa 29 February Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse: mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anali atapserera. Akatswiri a zanyengo anali atachenjeza kale za El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula kum'mwera kwa Africa. Wokhulupirira anati ndi mayesero, kapena chilango cha machimo athu. Wokayika anafunsa chamumtima kuti mwana wa miyezi isanu ndi umodzi wachimwa chiyani kuti bere la amayi ake liume. Ngati Mulungu ndi wamphamvu zonse komanso wachikondi, njala imachokera kuti? Funsoli ndi lakale kuposa tchalitchi chilichonse cha m'mbali mwa Great East Road, ndipo anthu anzeru a mbali zonse ziwiri alimbana nalo zaka zikwi osagwetsana. Sindikuona kuti lingathere pansi pa mtengo wa mango ku Kacholola.

Koma mukamvetsera bwino, chimene chimagwira anthu sikwenikweni mtsutso wa kumwamba. Ndi maliro.

Mpingo kuno si malo opemphererako okha. Ukadwala, amayi a chigwirizano amabwera ndi nkhuni ndi ufa. Ukamwalira, kwaya imachezera, akulu a mpingo amasonkha za bokosi, amayi ovala yunifolomu amayenda patsogolo ndi nkhata za maluwa. Munthu wosiya mpingo amaopsezedwa ndi zomwezi: udzapita kumanda chete ngati galu, popanda nyimbo. Amayi ake samulirira chifukwa chakuti wagonja pa mtsutso wa zaumulungu ayi. Amalira poganiza za manyazi a tsikulo. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti okayika kuno ndi ambiri kuposa amene kalembera anawawerenga. Amakhala pabenchi la kumbuyo, amaponya chopereka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komatu Ansenga anali ndi yankho la funso la maliroli belu la tchalitchi lisanalire. Ndi chinungwe. Mitundu imakhala paubale wa nthabwala, ndipo anungwe ndiwo amasamala mtembo wa mnzawo, kukumba manda ndi kuseketsa ofedwa pamene misozi yachuluka. Amatukwana, amanamizira malemuyo ngongole, palibe wokwiya. Wansembe wina wa Chijezwiti, Bronislaw Stefaniszyn, analemba za ubale woterewu pakati pa Aambo, anansi a Ansenga a m'chigwa cha Luangwa ndi Lukusashi, m'buku lake la mu 1964. Mnungwe safunsa khadi la ubatizo. Amabwera chifukwa tsiku lina a kwanu adzabweranso kwawo. Maliro n'kulirana, amatero akulu, ndipo mwambiwu sutchula kumwamba.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi alaliki amene amati moyo wopanda chipembedzo ndi chikopa chabe. Funsani mlimi wa nshawa ku Petauke chimene chimamudzutsa tambala woyamba. Adzatchula ana a mlongo wake amene akuwalipirira sukulu, pakuti kuno malume ndi mzati. Adzatchula nkhokwe, ng'ombe ziwiri zimene akufuna kugula, dzina limene safuna kuliipitsa. Pomaliza adzati zonse ndi chisomo cha Mulungu, ndipo akunena zoona za mumtima mwake. Koma mnansi wake amene sanganene mawu omalizawa ali ndi ana a mlongo omwewo, ndi nkhokwe yomweyo. Chimene wokhulupirira ali nacho chapadera ndi chiyembekezo chodzaonananso ndi amene anapita, ndipo chimenecho si chaching'ono. Aliyense amene anaikapo mwana amadziwa kulemera kwake. Wosakhulupirira amayenda wopanda ndodo imeneyo, ndipo ena a iwo amavomera kuti pamakhala usiku wina wovuta.

Pali ngozi ina yomwe siyenera kubisidwa. Kumudzi, amene sapemphera sachedwa kuganiziridwa ufiti, makamaka akakhala wokalamba ndi wosauka. Lamulo la Witchcraft Act, lomwe linayamba mu 1914, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma m'midzi zala zimalozedwabe. Ku Malawi, George Thindwa ndi bungwe lake la Association of Secular Humanism anadziwika chifukwa cholimbana ndi mchitidwe umenewu ndi kuthandiza kutulutsa m'ndende agogo omangidwa pa milandu ya ufiti. Munthu wonena poyera kuti sakhulupirira Mulungu ndi amene anapita kukaombola agogo otayidwa ndi abale awo opemphera. Mu Zambia mulinso kagulu kotchedwa Humanists and Atheists of Zambia, koma mawu ake amamveka kwambiri pa intaneti ndi m'tauni. Kumidzi, kwa Ndake kapena kwa Mwape, munthu wotere amakhala yekha ndi maganizo ake.

Chilala chija chitapita, mvula ya kumapeto kwa 2024 itayamba, onse analowa m'munda, opemphera ndi osapemphera, mbewu zina zangongole. Ndipo mfuu ya maliro ikamveka m'bandakucha, amuna amatenga makasu ndi mapiki kulowera kumanda. Dothi la m'chilimwe kuno ndi louma ngati mwala, ndiye amasinthana. Wina akatopa amatuluka m'dzenje, n'kupatsira piki amene waima pafupi, osayamba wamufunsa kumene amapemphera.