SEFA YA MADZI A M'INJINI: KODI ITHANDIZA MWINI VANETI?

Masiku ano alimi ambiri a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi atuta cimanga, nshawa, soya ndi thonje pa vaneti ya dizilo. Tsono galimoto yolemedwa ndi matumba ikamakwera zitunda za ku Vubwi, kapena mseu wocokera ku Msoro m'mwezi wa October, injini itentha kwabasi. Madzi ace akawira, gasiketi ipsa, mutu wa injini upindika, ndipo ndalama zonse za mbeu zithera kwa makaniko.

Madzi ndiwo acotsa kutentha m'injini. Pampu iwakankha kuti azungulire masilinda, ndipo apita ku rediyeta kumene aziziritsidwa ndi mphepo. Timapaipi ta m'rediyeta ndi tating'ono ndithu. Dzimbiri, matope ndi mcenga zikalowamo, timapaipito titsekeka kamodzi-kamodzi, mwini wace osadziwa. Mcenganso udya mphira ya m'pampu kufikira pampuyo iyamba kudontha.

Kodi mcenga ucokera kuti? Wina ulowa ndi madzi a pamtsinje amene tithira pa ulendo. Koma wina uli m'katimo cipangidwire injini, pakuti citsulo cace ciumbidwa m'cikombole ca mcenga. Ku America, injini ya Ford yochedwa 6.0 Power Stroke, imene inatuluka m'caka ca 2003, inasautsa anthu cifukwa zinyalala za m'madzi zinali kutseka kacipangizo koziziritsa oilo. Cotero eni ace ambiri anayamba kuikako sefa ya madzi. Malori ena akulu-akulu acoka nayo ku fakitale sefa yotere, koma mavaneti amene tiona pa mseu wa Great East, monga Toyota Hilux ndi Isuzu KB, kawiri-kawiri alibe.

Sefayi ioneka ngati ya oilo, koma musaike ya oilo m'malo mwace, pakuti pepala lace silinapangidwire madzi. Madzi onse sapitamo nthawi imodzi ai. Makaniko apatutsa pang'ono cabe pa paipi yopita ku hita, madziwo adutsa m'sefa, nabwerera ku injini, monga mlimi apatutsa mcera kucokera ku mtsinje. Pozungulira-zungulira, madzi onse adutsamo. Ubwino wace ndi uwu: ngakhale sefa itadzaza, injini isowabe madzi ai.

Poika, onetsetsani kuti sefa yamangidwa colimba, kutali ndi ekizozi ndi fani, ndi kuti madzi alowa kumene muvi uloza. Muuzeni makaniko aike kampopi kotsekera mbali zonse ziwiri, kuti posintha madzi asatayike. Sefa yoyamba idzaza msanga, makamaka m'injini yakale, ndipo ndi bwino kuisintha mutayenda makilomita ngati 1,000. Pambuyo pace kamodzi pa caka cikwanira. Injini ikatentha, gwirani paipi yoturuka m'sefa mosamala. Ikakhala yozizira, dziwani kuti sefa yatsekeka. Masefa ena ali ndi mankhwala m'kati opangidwira malori. Pa vaneti gulani yopanda mankhwala, cifukwa mankhwalawo sagwirizana ndi madzi ena a m'sitolo.

Komatu apa ndi pofunika kumvetsa. Sefa igwira zooneka zokha. Madzi a pamjigo ndi a pacitsime aoneka oyera, koma ambiri ali ndi mcere ndi laimu zosungunuka zimene sefa siingagwire. Yang'anani m'ketulo yanu: coyera cija comata pansi ndico cimatanso m'injini, ndipo citsulo cokutidwa cotero sicizizira bwino. Munthu wogula sefa namathirabe madzi a padambo wataya ndalama zace cabe. Amene ndalama zace ndi zocepa ayambe wagula madzi a mankhwala ochedwa coolant, sefa ibwere pambuyo. Ena agulitsidwa osakaniza kale. Ena afunika kusakaniza theka ndi theka ndi madzi othira m'batire, osati asidi, kapena madzi a mvula osefa bwino. Werengani pa botolo, ndipo musasakanize ofiira ndi obiriwira. Musanathire atsopano, tsukani rediyeta kufikira madzi oturuka ayere.

Cotsekera ca rediyeta naco musacipeputse. Ku nyanja yamcere madzi awira pa madigiri 100, koma kuno ku Katete, kumene kuli pamwamba mamita ngati 1,000, awira pa 97 kapena kucepera pang'ono. Cotsekera cabwino cipanikiza madzi kuti asawire kufikira pafupi ndi 120. Ca mphira yong'ambika, kapena nsanza imene ena atsekera, siingacite zimenezi. Ndipo mwambo uja wocotsa thermostat kuti injini izizire ubisa matenda cabe, osawacotsa.

Musatsegule cotsekera injini iri yotentha. Nthunzi yace isupula khungu la kumaso. Dziwaninso kuti coolant itsekemera pa lilime koma ndi ululu woononga impso. Pang'ono pokha ipha galu, mbuzi, ngakhale mwana. Yakale musaitaye pabwalo kapena pafupi ndi citsime, ndipo musaisunge m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, thamangirani naye ku cipatala ca St Francis kapena cina ciri conse capafupi nthawi yomweyo, ngakhale aoneke ngati ali bwino, ndipo mutenge botolo lace kuti adokotala aone.