Digiri ili m'manja, koma wosainira palibe

Malichi akafika, anthu a kummwera amakumbukira namondwe wa Freddy yemwe mu 2023 adakokolola misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Munthu ungaganize kuti chichokereni nthawiyo makampani akukanganirana achinyamata omwe adaphunzira uinjiniya wa zomangamanga. Zili apo n'zina.

Pamsewu wina wafumbi ku Phalombe tidapeza mtsikana atavala chipewa cholimba, majombo ali matope okhaokha, akuyang'anira ntchito yomanga kalavati. Adatha zaka 5 kuyunivesite akulimbana ndi masamu, kuyeza dothi ndi kuwerengera katundu yemwe mlatho ungasenze. Koma tsikulo nkhondo yake inali ya madzi. Anyamata osakaniza konkire ankathira madzi ambiri kuti fosholo isamalemere. Iye adatenga chitini choyezera, chotambalala pansi n'kuchepa pamwamba, adachidzaza konkire katatu akusinja ndi kachitsulo, kenako n'kuchizula. Konkire ija idangoti phwa! pansi ngati phala la mwana. Adaikana yonse.

Foromani wa pamalopo, bambo waimvi yemwe adayamba kumanga mtsikanayo asadabadwe, amamutchula "mwana wanga" zikamayenda, "amadamu" zikavuta. Tsikulo anali amadamu. Mtsikanayo sadakweze mawu. Adangowakumbutsa bambowo mwaulemu kuti timidadada ta konkire topita kulabu tikaphwanyidwa patsiku la 28, ndipo tikakalephera, kalavati yonse igumulidwa. Madzi adachepa.

Ntchito akuidziwa, nanga vuto lili pati? Womaliza maphunziro sakhala injiniya wovomerezeka tsiku lomwe wavala gauni. Amayenera kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa injiniya wolembetsedwa, yemwe amaona ntchito yake ndi kumusainira. Kampani yaing'ono yomwe idalemba mtsikanayu ili naye injiniya wotere, koma papepala pokha. Dzina lake lidagwira ntchito popempha tenda. Nkhope yake pamalopo sidaonekeko.

Apa m'pomwe pali mkangano. Eni makampani ang'onoang'ono amati iwo si sukulu. Malipiro a ntchito za boma amachedwa, simenti idakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye injiniya wamkulu wokhalira pasaiti amulipira chiyani? Amaonjeza kuti ana a masiku ano amatuluka ndi mabuku m'mutu, koma makina oyezera msewu akuwaopa. Aphunzitsi nawo amati miyezi yochepa yomwe ophunzira amakakhala kumakampani singapange injiniya, ndipo kusula munthu ndi udindo wa omulemba ntchito. Achinyamatawo amaloza ntchito zikuluzikulu zomwe zimapita kumakampani akunja, omwe kawirikawiri amabwera ndi mainjiniya awo.

Kunena zoona, dandaulo la makontirakita lili ndi mutu. Koma kubwereka satifiketi ya munthu kuti upate tenda, n'kusiya mwana yemwe wangogwira ntchito chaka chimodzi akusenza mlatho yekha, n'kusewera ndi miyoyo ya anthu odzaoloka pamenepo.

Ena mwa anzake a m'kalasi a mtsikanayu adatopa n'kudikira. Wina akuphunzitsa masamu pasekondale yapulaiveti, wina akuumba mabuloko a simenti n'kumagulitsa. Mtsikana wa ku Phalombe uja akaweruka amatsegula laputopu n'kumajambulira anthu mapulani a nyumba. Akuti lendi amalipira ndi ndalama za mapulaniwo, osati za kalavati.